Mlandu Wopanda Mwini: Mbiri ya Bwalo Loyeserera

Pali mwambo wina pakati pa anthu ophunzira malamulo umene munthu wapadera, akaumva koyamba, angauyese chibwana chabe. Anyamata ndi atsikana a m'sukulu za ukachenjede, atalemba zikalata zawo usiku ndi usana, ndi kusita zovala zawo zakuda, amanyamuka kwawo, naoloka malire ndi mitsinje, kukazenga mlandu umene sudachitike, wa munthu amene sadabadwe, wosumira boma la dziko limene silipezeka pa mapu ali onse. Pamaso pawo pamakhala oweruza enieni, ena a imvi ndithu, amene asiya milandu yoona kwawo kuti adzamve wopekawu. Ndipo amafunsa mafunso mosanyengerera, kotero kuti wophunzira amene dzulo adali kudzitama ndi nzeru zake amapezeka kukhosi kwauma, manja ali njenjenje. Eni ake amautcha moot court, ife tingoti bwalo loyeserera.

Komatu aliyense amene adakulira kumudzi adziwa kuti masanje si masewera wamba, pakuti ngakhale banja la kumasanje lili longoyerekeza, moto wake ndi weniweni, ndipo nsima ikapsa mosapsa ana amagona ndi njala yeniyeni. Momwemonso pabwalo ili: dzina la wodandaula ndi lopeka, koma malamulo amene wophunzira awatchula ndi omwewo amene mawa adzamasula kapena kumanga munthu wamoyo.

Mizu ya mwambowu ili ku London, pakati pa mzinda wakale wa amalonda ndi Westminster kumene kudali mabwalo a mfumu. Pamenepo pali nyumba zinayi za akatswiri a malamulo zotchedwa Inns of Court, ndizo Lincoln's Inn, Gray's Inn, Inner Temple ndi Middle Temple. Ziwiri zotsirizazi zili pa malo amene kale adali a asilikali achipembedzo otchedwa Knights Templar, amene tchalitchi chawo chozungulira chidapatulidwa mu 1185 ndipo chili chiimire kufikira lero. Gulu lawolo litathetsedwa mu 1312, maloya adayamba kulowa pamalopo pang'onopang'ono, nakhazikika. Masiku amenewo sukulu zazikulu za Oxford ndi Cambridge zidali kuphunzitsa malamulo a Aroma ndi a Mpingo, koma malamulo a dziko la England, amene sadalembedwe m'buku limodzi koma adamera m'miyambo ya anthu ndi m'zigamulo za oweruza, zidalibe nawo ntchito. Chotero mnyamata wofuna kudzaimira anthu pa milandu adayenera kukakhala m'nyumba zimenezi, kudya pamodzi ndi akuluakulu, kupita kukhoti m'mawa kukatchera khutu, ndi kubwerako madzulo kudzayesa pakamwa pake zimene wamva. Mabuku a Lincoln's Inn olembamo zochitika za m'nyumbamo adayamba mu 1422, ndipo asungika mpaka pano.

Chakudya chamadzulo chikatha, m'chipinda chachikulu chodyeramo momwemo, akuluakulu a nyumbayo adali kukhala pa benchi ngati oweruza, ndipo pamaso pawo padali kuikidwa mlandu wopeka, kawirikawiri wa malo ndi cholowa, pakuti chuma cha nthawi imeneyo chidali nthaka. Ang'onoang'ono adali kunena pamtima mawu otsegulira mlandu m'Chifalansa chakale cha m'makhoti, chimene chidatsalira kuchokera kwa Anormani amene adagonjetsa England mu 1066; okulirapo ndiwo adali kutsutsana pa mfundo zake, wina mbali iyi, wina mbali iyo, kufikira akuluakulu atanena maganizo awo. Wojomba adali kulipitsidwa, ndipo padali kupita zaka ngati zisanu ndi ziwiri munthu asanayesedwe woyenera kuitanidwa kukhala loya. Sir John Fortescue, amene adali mkulu wa oweruza, polemba za nyumbazi cha m'ma 1470, adaziyamikira monga sukulu ya ukachenjede mwa izo zokha, kumene ana a mfulu adali kuphunzira ngakhale kuimba ndi kuvina. Mwa ana amene adakulira m'mwambo umenewu mudali Thomas More, amene adalowa ku Lincoln's Inn mu 1496, nakwera kufikira kukhala nduna yaikulu ya malamulo ya mfumu Henry VIII, nadulidwa mutu mu 1535 chifukwa chokana kulumbira chimene mtima wake sudavomere.

Chinthu chokoma sichikhalira kutha. Makina osindikiza mabuku atachuluka, anyamata adayamba kuganiza kuti chimene adali kuchifuna pakamwa pa akuluakulu angathe kuchipeza okha m'chipinda ndi buku. Ndipo nkhondo ya pachiweniweni ya mfumu Charles I ndi nyumba ya malamulo itabuka mu 1642, ophunzira adabalalika. Ufumu utabwerera mu 1660 akuluakulu adayesa kudzutsa mwambowo, koma udakana, ndipo zaka za m'ma 1600 zisanathe udali utazilala. Chimene chidatsala ndi mgonero wokha. Kwa zaka zoposa 150 munthu adali kuyenerezedwa kukhala loya makamaka mwa kudya m'chipinda chija madzulo owerengeka, popanda womuyesa ngati adziwa kuimira mlandu. Thupi la mwambo lidatsala, mzimu utachoka. Mu 1852 nyumba zinayizo zidakhazikitsa bungwe loyang'anira maphunziro, mu 1872 mayeso adakhala okakamiza, ndipo mu 1875 a Gray's Inn adaukitsanso milandu yoyeserera.

Amene adausandutsa mpikisano ndi Amereka. Sukulu ya malamulo ya Harvard idayambitsa mpikisano wa Ames mu 1911, ndipo pa sukulu yomweyo mu 1960 padabadwa wina wa malamulo a pakati pa maiko, umene udatenga dzina la Philip Jessup, woweruza wa khoti la dziko lonse la ku The Hague. Mlandu wake woyamba udali wa kulandidwa kwa minda ku Cuba. Lero sukulu mazanamazana za m'maiko pafupifupi 100 zimalowa mpikisanowu, ndipo opambana a dziko lililonse amakakumana ku Washington nyengo imene mitengo ya matcheri, imene mzinda wa Tokyo udapereka monga mphatso mu 1912, imachita maluwa. Kuyambira pamenepo bwalo loyeserera ndi ulendo zidakhala chinthu chimodzi.

Koma mtima wanga suli ku Washington ayi. Uli pa njira imene mwambowu udadzera pofika kwathu kuno, pakuti njirayo idadutsa pamanda. Nyumba zija za ku London zidalandira ana ambiri a maiko olamulidwa ndi Angerezi, amene pambuyo pake adatembenuza malamulo a mtsamunda kukhala chida chomuchotsera: Gandhi adaphunzira ku Inner Temple, Seretse Khama chimodzimodzi, ndipo ku Lincoln's Inn, kumene adaphunzira Thomas More, kudatuluka Orton Chirwa mu 1958, loya woyamba wachikuda wa dziko la Nyasaland. Iye ndiye adatsogolera chipani cha Malawi Congress pamene chidabadwa mu 1959, nakhala nduna ya zachilungamo, kufikira mkangano wa nduna wa mu 1964 udamuthamangitsira kunja pamodzi ndi mkazi wake, mayi Vera Chirwa, amenenso adaphunzira malamulo ku London nakhala loya woyamba wamkazi wa dziko lino.

Iwo ali kunja, malamulo adasinthidwa mu 1969, ndipo makhoti otchedwa a makolo adapatsidwa mphamvu zozenga milandu ya kupha, pambuyo pake ndi ya kuukira boma yomwe, popanda loya kuloledwa kutsegulamo pakamwa. Ndinena mosabisa kuti dzina la makolo lidanamiziridwa pamenepa. Pabwalo la makolo athu munthu sadali kufika yekha ngati wogwa kumwamba: adali kudza ndi mwini mbumba kapena nkhoswe womulankhulira, nduna zidali kufunsa mbali zonse mosafulumira, pokumbukira kuti umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga, ndipo mfumu idali kudula mlandu potsiriza, anthu onse akumva. Anyamata okhala m'mphepete mwa bwalo, ndiwo adali ophunzira a malamulo a nthawiyo. Makhoti a 1969 adatenga chikopa cha bwalo limeneli nachiveka chinthu china. Pa 24 December 1981 a Chirwa awiriwo adagwidwa kumalire a kum'mawa kwa Zambia. Adazengedwa mlandu woukira boma ku khoti la makolo la chigawo cha kummwera, ku Soche, opanda owaimira, ndipo mu May 1983 adagamulidwa kuti aphedwe. Chilangocho chidasinthidwa mu 1984 kukhala ndende ya moyo wonse. Pa 20 October 1992 Orton Chirwa adamwalira m'ndende ya Zomba, mu mzinda womwewo umene ana a Amalawi adali kuphunziramo malamulo pa Chancellor College kuyambira pamene maphunzirowo adasamukira kumeneko kuchoka ku Mpemba mu 1973.

Chaka chomwecho cha 1992, chimene maepiskopi a Katolika adatulutsanso kalata yawo ya pa 8 March, ophunzira a sukulu za malamulo za kummwera kwa Africa adasonkhana ku Harare kudzazenga mlandu wopeka wa ufulu wachibadwidwe. Oitanira adali a Centre for Human Rights a pa University of Pretoria, bungwe lobadwa mu 1986, tsankho lili pachimake, pa sukulu imene idali linga la Mabunu. Ndipo mmodzi wa atsogoleri a ganizoli adali mphunzitsi wachinyamata, Christof Heyns. Chaka chotsatira adakumana ku Lusaka, kenaka ku Swaziland, ndipo mu 1995, Mandela atakhala kale pampando, chitseko chidatsegukira Africa yense pa msonkhano wa ku Pretoria.

Taonani tsono chodabwitsa cha mpikisano umenewu. Pangano la Africa la ufulu wa anthu lidavomerezedwa ku Nairobi mu 1981, nayamba kugwira ntchito pa 21 October 1986. Koma lidangokhazikitsa komiti ya ku Banjul, yokhoza kumva madandaulo ndi kulangiza maboma, yopanda mphamvu ya khoti. Atsogoleri a nthawiyo sadafune woweruza woposa iwo. Pangano lokhazikitsa khoti lidasainidwa ku Ouagadougou mu 1998, lidayamba kugwira ntchito mu 2004, oweruza oyamba adalumbira mu 2006, ndipo chigamulo choyamba chidatuluka ku Arusha mu December 2009. Ndiye kuti kwa zaka zambiri ophunzira aja adali kuimirira, kuwerama, ndi kuchonderera khoti limene kudalibe, monga anthu oona ndi maso a chikhulupiriro chinthu chisanaoneke. Ndipo pamene khotilo lidabadwa, lidapeza kale m'maiko ambiri maloya amene adazolowera kunena m'mitima mwawo kuti boma nalo likhoza kuitanidwa kudzayankha mlandu. Sindinena kuti ana asukulu ndiwo adamanga khoti la ku Arusha; ndinena kuti adalimira njira yopitako, udzu usanamere poipa.

Kayendetsedwe kake ndi kotere. Mlandu umatumizidwa ku sukulu miyezi ingapo nthawi isanakwane, ndipo sukulu iliyonse imasankha ophunzira awiri, makamaka mwamuna ndi mkazi, pamodzi ndi mphunzitsi wowaperekeza. Awiriwa amalemba mfundo za wodandaula, nalembanso mfundo za boma loyankha mlandu, ndipo pofika kumpikisano amaimira mbali zonse ziwiri mosinthanasinthana, m'mawa kuneneza boma, masana kuliteteza. Ena amakhumudwa nazo zimenezi, namati ndi kuphunzitsa ana kukhala a malilime awiri. Ine ndiona mwina. Munthu amene adakakamizidwapo kufunafuna chilungamo chimene chili m'kamwa mwa mdani wake sathamangira kuweruza. Ndipo funso lija Nikodemo wa m'Baibulo adafunsa anzake a m'bwalo la akulu, ngati kuloledwa kutsutsa munthu asanamvedwe, limakhala lake la iye mwini moyo wake wonse. Dziko limene lidaona zimene zidachitika ku Soche siliyenera kupeputsa phunziro lotere.

Ndime zoyamba zimachitika m'Chingerezi, m'Chifalansa ndi m'Chipwitikizi, aliyense m'chinenero chimene mtsamunda wake adamusiyira. Koma pa ndime yomaliza pamachitika chinthu chimene sindidziwa ngati chilipo chokoma choposa m'mwambo wonsewu: sukulu zopambana sizilimbana monga zidabwerera ayi, koma zimasakanizidwa, kotero kuti mwana wa ku Zomba kapena ku Kampala akhoza kupezeka mbali imodzi ndi wa ku Abidjan ndi wa ku Maputo, nakhala nawo usiku wonse kukonza mlandu umodzi, omasulira ali pakati. Kusiyana kwawo si kwa chinenero chokha. Wophunzira malamulo a Chingerezi amayamba ndi kufunsa kuti oweruza akale adagamula bwanji pa mlandu wofanana. Wa Chifalansa kapena Chipwitikizi amayamba ndi ndime ya m'buku la malamulo, natsika nayo mwadongosolo kufikira pa nkhaniyo. Malire amene adalembedwa pambuyo pa msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885 adadutsa ndi m'mitu ya maloya momwe, ndipo usiku umodzi umenewo ana amayesa kuwafafaniza. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono za ulendo. Mpikisanowu sukhala malo amodzi. Wayenda ku Oujda m'dziko la Morocco, ku Kampala, ku Maputo, ku Accra, ku Cairo, ku Yaoundé, ku Dar es Salaam, ku Addis Ababa, ku Lagos, ku Mauritius, ku Gaborone ndi kwina kwambiri, ukubwerera ku Pretoria nthawi ndi nthawi. Kwa ophunzira ambiri umenewu ndiwo ulendo woyamba wa pandege, ndipo phunziro limayambira pa kufunafuna pasipoti, viza ndi khadi la katemera wa yellow fever, ndi kuzindikira kuti wochokera ku Lilongwe kupita kumadzulo kwa Africa ayenera kuyamba wazungulira ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, nagona pa mipando ya pabwalo la ndege. Pakati pa sabata la milandu eni mudzi amapatula nthawi yoonetsa alendo dziko lawo. Ndipo alipo aphunzitsi ouma mtima amene amayesa tsiku limenelo lotayika. Alakwa ndithu.

Wofika ku Pretoria akaima pa Church Square amayang'anana ndi Palace of Justice, nyumba imene Nelson Mandela adalankhuliramo pa 20 April 1964 ali m'bokosi la oimbidwa mlandu, ndi kugamulidwa pamodzi ndi anzake pa 12 June kuti akakhale m'ndende moyo wonse. Ndipo mlanduwo udazengedwa mwadongosolo, woweruza atavala mkanjo wake, ndime za malamulo zikutchulidwa bwinobwino. Akatsikira ku Johannesburg amapeza khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, lotsegulidwa mu 2004 m'kati mwa ndende yakale ya Old Fort, imene idasungapo Gandhi ndi Mandela, ndipo zina mwa njerwa zake zidagumulidwa ku zipinda zimene akaidi adali kudikiriramo milandu. Wofika ku Ghana akhoza kutsikira kunyanja kukaona linga la Elmina limene Apwitikizi adamanga mu 1482, ndi la Cape Coast kumene chipinda chopemphereramo chidali pamwamba penipeni pa dzenje losungiramo akapolo aamuna. Ndipo akumbukire kuti malonda amenewo adali ololedwa ndi malamulo, okhala ndi zikalata, misonkho ndi maloya ake. Mu 2024 mpikisano udachitikira ku Kigali, patapita zaka 30 chichitikire kuphedwa kwa Atutsi, mu mzinda umene pa phiri la Gisozi pagona anthu oposa 250,000. Buku likhoza kuuza wophunzira kuti lamulo ndi chilungamo si chinthu chimodzi nthawi zonse. Koma amene waima m'chipinda chopanda zenera, namva fungo la chinyontho cha makoma ake, sadzafunanso womukumbutsa.

Sizonse zachisoni ayi. Kuli mapiramidi a ku Giza, kuli mchenga woyera wa ku Mauritius, kuli misika, zakudya zachilendo zowawa tsabola, ndi magule a usiku wotsanzikana, pamene amene adali kutsutsana m'mawa amavina pamodzi. Maubwenzi omangidwa pamenepo amakhalitsa, ndipo pakapita zaka loya wa ku Blantyre akafuna kudziwa mmene khoti la ku Nairobi lidagamulira nkhani yakutiyakuti, amakhala naye womufunsa. Chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utatseka malire, mpikisano udachitikira pa intaneti, ndipo milandu idazengedwa bwino lomwe; koma chimene chidasowa aliyense adachiona. Chondidetsa nkhawa ndi chakuti ulendowu umadya ndalama zambiri, ndipo sukulu zosauka, zimene ana ake afunikira koposa kuona kunja, ndizo zimayamba kutsala.

Christof Heyns, amene adatumikiranso bungwe la United Nations kuyambira 2010 mpaka 2016 monga wofufuza za kuphedwa kwa anthu popanda mlandu, adamwalira mwadzidzidzi pa 28 March 2021, ndipo mpikisanowu tsopano utchedwa ndi dzina lake. Mlandu wa a Chirwa nawo sudaole: komiti ya ku Banjul idapeza kuti dziko la Malawi lidaphwanya pangano powazenga opanda owaimira, ninenanso kuti boma latsopano lisenza mangawa a boma lakale. Mayi Vera Chirwa, amene adatuluka m'ndende pa 24 January 1993, adasankhidwa mu 1999 kukhala mmodzi wa makomishonala a komiti yomweyo, napatsidwa udindo woyendera ndende za mu Africa. Pa mpando wa khoti la ku Arusha pakhalapo oweruza a ku Malawi, a Duncan Tambala kuyambira 2010, ndi mayi Tujilane Chizumila kuyambira 2017.

Koma khotilo lili pa mayesero. Munthu wamba sangasumire boma lake ku Arusha pokhapokha bomalo litalemba kalata yapadera yovomera zimenezo, ndipo maiko amene adalemba ndi ochepa. Mwa ochepawo ena, ataona zigamulo zowawawa, adabweza mawu awo, monga Rwanda mu 2016, Tanzania, mwini malo amene khotilo likhala, mu 2019, Benin ndi Côte d'Ivoire mu 2020. Malawi adapereka kalata yake mu 2008, ndipo sadaibweze. Kotero Mmalawi amene wayenda makhoti onse a kwawo, kuyambira kwa majisitireti kufikira ku khoti la apilo, osapeza chilungamo, ali nako kwina kopita. Ndipo pa tsiku limenelo adzafuna loya wodziwa ndime za pangano la ku Nairobi, wodziwa kulemba dandaulo monga khotilo lifunira, ndi wosanjenjemera oweruza khumi a maiko osiyanasiyana akamudula mawu ndi funso.